Soketi Yapsa, Swichi Ikuthetheka: Woyenera Kugwira Mawaya a M'nyumba Mwanu Ndani?

Soketi ikamafa imayamba ndi fungo. Ndi fungo longa la jumbo yomwe yagwera pa mbaula, ndipo kawirikawiri limamveka madzulo, ketulo ikuwira, wina akusita yunifolomu ya mawa. Mukasuntha kabati n'kusuzumira kuseri, mupeza kabowo kamodzi ka soketi kada bii, pulasitiki ya m'mbali mwake yafiira ngati nkhoko za mumphika. Apa m'pamene m'makomo ambiri mumamveka mawu akuti, "Iwe, thamanga ukaitane achimwene aja okonza mawailesi pamsika, kantchito ka mphindi zisanu aka." Achimwenewo amabweradi, tesita ili pathumba la malaya, thepi yakuda ili m'manja. Amamasula, amapotokola, amamata, babu n'kuyaka, iwo n'kulandira kangachepe. Aliyense wakondwa.

Chomwe ambiri sitidziwa n'chakuti kantchito kameneka kali ndi lamulo lake. Mawaya oyenda m'khoma ndi m'siling'i, maswichi, masoketi ndi bokosi la mabuleka, zonsezi ndi katundu wa mwini nyumba, inde, koma boma linaika kale malire a anthu ololedwa kuziyika, kuziwonjezera kapena kuzisintha. Zinthu zikayenda bwino palibe amafunsa. Funso limabwera tsiku lomwe denga lapsa, mwana wagwidwa ndi magetsi, kapena a ESCOM abwera kudzayendera. Tsiku limenelo amayamba ndi kufunsa kuti, "Anakumangirani mawaya ndani?"

Malire ali pa mita

Tiyambe tadziwana nawo eni nkhaniyi. Magetsi ambiri m'dziko muno amapangidwa ndi kampani ya EGENCO, yomwe inapatuka ku ESCOM n'kuyamba kugwira ntchito payokha mu 2017. ESCOM ndi imene imawanyamula pamawaya n'kudzawagulitsa pakhomo panu. Pamwamba pa onsewa pali bungwe la MERA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004 kuti liziyang'anira nkhani zamagetsi, mafuta ndi gasi. Ambiri timalidziwa chifukwa cholengeza mitengo ya petulo, koma ndi bungwe lomweli limene limapereka chilolezo kwa amisiri omanga mawaya a magetsi m'nyumba.

Tsono nyumba iliyonse yolumikizidwa ku ESCOM ili ndi malire osaoneka, ndipo malirewo ali pa mita. Pholo, waya wochokera papholo ndi mita yeniyeniyo ndi za ESCOM. Zilibe kanthu kuti munalipira ndalama zolumikizira, kapena kuti mitayo inakhomedwa pakhoma lanu. Simuloledwa kuitsegula, kudula kachingwe komwe anaitsekera, kuisamutsa pamene mukukuza nyumba, kapena kudutsitsa waya pambali kuti mayunitsi asamathe msanga. Kuchita zimenezi ndi mlandu. Akakupezani amakudulirani magetsi, amakulipiritsani omwe munagwiritsa ntchito osalipira, ndipo nkhaniyo ikhoza kufika kukhoti. Mu 2024 nyumba ya malamulo inakhwimitsanso zilango za milandu yokhudza kuba ndi kuwononga zipangizo za magetsi, choncho mmisiri amene akukunong'onezani kuti "mita iyi tingaigoneke pang'ono" akukuitanirani apolisi pakhomo.

Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, udindo ndi wanu. Swichi ya kuchipinda ikafa, musadandaule kuti a ESCOM sakubwera. Si ntchito yawo. Koma kukhala mwini sikukupatsani ufulu wopatsa ntchitoyi aliyense amene ali ndi sikuludalaiva. Zili ngati galimoto: ndi yanu, munagula ndi thukuta lanu, koma woyendetsa pamsewu ayenera kukhala ndi laisensi.

Mmisiri wake ndi uti?

Malamulo a zamagetsi, kuphatikizapo malamulo otsatira omwe anatuluka mu 2012, amafuna kuti ntchito yomanga kapena kusintha mawaya a nyumba igwiridwe ndi munthu yemwe ali ndi chilolezo cha MERA. Apa anthu ambiri amasokoneza mapepala awiri. Satifiketi ya kusukulu ya ntchito zamanja, kaya ya trade test kaya ya TEVETA, imasonyeza kuti munthuyo anaphunzira. Chilolezo cha MERA chimasonyeza kuti waloledwa kugwira ntchitoyi kwa anthu ndi kusaina kuti yatha bwino. Mnyamata akhoza kukhala waluso, wophunzira bwino, koma ngati alibe chilolezo ayenera kugwira ntchito pansi pa amene ali nacho, ndipo mwini chilolezoyo ndiye amasenza mlandu ntchito ikalakwika.

Zilolezozi zili m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito. Wololedwa kumanga nyumba yogona sangangolumphira kufakitale kapena kuthiransifoma. Chilolezo chimakhalanso ndi nthawi yake yothera, ndiye chikalata chachikale chothimbirira si umboni wokwanira. MERA, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe, imasunga mndandanda wa amisiri olembetsedwa, ndipo aliyense akhoza kufunsa ngati dzina la munthu lilimo.

Vuto lathu Amalawi ndi manyazi. Timaopa kuti tikafunsa mapepala munthu aona ngati tikumukayikira. Koma mawu ake ndi osavuta: "Bambo, tisanapangane mtengo, ndione nawo chilolezo chanu cha MERA, ndijambule pafoni." Mmisiri weniweni sakwiya ndi funso limeneli, amatulutsa mwachangu chifukwa anachivutikira. Amene amayamba ndi kuti, "Mayi, ine ndayamba kale ntchito imeneyi, nyumba zonse za kumtundaku ndinamanga ndine," koma pepala osaoneka, mumuthokoze chifukwa chobwera. Safunsa anadya phula.

Palinso chizolowezi china chomwe chafala pomanga nyumba zatsopano. Mawaya amamanga ndi munthu wopanda chilolezo chifukwa ndi wotchipa, kenako amapita ndi mafomu kwa mmisiri wachilolezo kuti angosaina ndi kudinda, iye asanapondeko n'komwe pamalopo. Anthu amaona ngati apulumutsa ndalama. Ine ndimaona kuti apa mwini nyumba ndiye wadzimana chitetezo chake yekha. Siginecha ija cholinga chake n'chakuti pakhale munthu wodziwa yemwe wayeza mawayawo ndi zipangizo, n'kuvomera kuti adzayankha zikadzavuta. Mukagula siginecha yopanda kuyeza, mwagula inki.

Nanga palibe chomwe mwini nyumba angachite yekha? Chilipo. Kusintha babu, kusintha fyuzi ya mupulagi, kumanga pulagi yatsopano kuchingwe cha ayironi, kukweza buleka yomwe yagwa, izi ndi ntchito za pakhomo. Koma buleka ikagwa kachiwiri, ndiye kuti ikukuuzani kanthu. Musailimbitse ndi kamtengo kapena kuimanga ndi thepi. Chilichonse chofuna kuti mumasule chivundikiro chapakhoma n'kugwira mawaya a m'kati, kaya ndi kusintha swichi, kuwonjezera soketi kuchipinda cha ana, kapena kukokera getsi kukhonde, chisiyireni wachilolezo.

Bwanji kuvutikira kaswichi kamodzi?

Wina anena kuti apa boma likungokokomeza, swichi ili ndi mawaya awiri okha, angalakwitse ndani? Tamvani mmene amalakwitsira.

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mphamvu ya mavolti 230. Amabwera pawaya wina wotchedwa layivi, n'kubwerera pawaya wina wotchedwa nyutulo. Swichi imayenera kudula layivi. Koma mmisiri wongophunzira poonera akhoza kuiika pa nyutulo, ndipo choopsa n'chakuti getsi lidzayakabe ndi kuzima bwinobwino. Palibe angazindikire. Papita miyezi, babu yafa, mwana wa sukulu wazimitsa swichi monga anamuphunzitsira, wakwera pampando, chala chakhudza kachitsulo ka m'kati mwa chogwirira babu. Swichi ndi yozimitsa, koma moto ukadali pomwepo, kudikira njira yopitira pansi. Njirayo ndi thupi lake, makamaka ngati phazi lili pasimenti yonyowa kapena dzanja lina lagwira felemu yachitsulo. Mmisiri wophunzira amayeza zimenezi asanachoke. Woonera amangoona kuti getsi layaka.

Mitundu ya mawaya nayo imanyenga. M'nyumba zakale layivi ndi wofiira, nyutulo ndi wakuda, waya wa earth ndi wobiriwira. Mawaya ambiri atsopano amabwera ndi mitundu ina: layivi ndi wa bulauni, nyutulo ndi wa buluu, earth ndi wa mizere yobiriwira ndi yachikasu. Nyumba yomwe inamangidwa kale n'kudzawonjezeredwa zipinda imakhala ndi mitundu yonse iwiri m'siling'i imodzi. Komanso kuseri kwa swichi, waya wakuda kapena wa buluu nthawi zambiri sakhala nyutulo ayi. Amakhala waya wobweza moto kupita kubabu, ndipo womanga wosamala amamuveka kachizindikiro kofiira kapena ka bulauni kuti wobwera pambuyo adziwe. Ambiri saveka. Munthu wongodalira kuti "wakuda saluma" amalumidwa pomwepo. Ngakhale tesita ija yoyaka kagetsi kumchira si yoikhulupirira kwambiri, pakuti padzuwa kuwala kwake sikuoneka, ndipo ikafa siuza munthu.

Tibwere ku soketi. Soketi yovomerezeka kuno ndi ya mabowo atatu amakona, yofanana ndi ya ku Britain, ndipo malire ake ndi ma amp 13, kutanthauza mawati pafupifupi 3,000. Ketulo imodzi yokha imadya mawati pafupifupi 2,000. Mukaphatikiza ayironi kapena hotipuleti pa ekisitenshoni yomweyo, mwapyola kale. Ekisitenshoni ya mabowo asanu ndi limodzi sichulukitsa mphamvu, imangogawa ma amp 13 omwewo. N'chifukwa chake njira yeniyeni ya nyumba yochepa masoketi ndi kuitana mmisiri awonjezere, osati kulumikiza ekisitenshoni pa ekisitenshoni inzake mpaka kukafika kukhitchini.

Kukula kwa waya nakonso kuli ndi muyeso. Magetsi owunikira amayenda pawaya wa 1.5, masoketi amafuna wa 2.5, ndipo kuka yaikulu yophikira imafuna waya wakewake wonenepa, nthawi zambiri wa 6, wochokera kubokosi la mabuleka mwachindunji. Chinyengo chofala n'chotenga moto wa soketi yatsopano kuchokera paswichi ya getsi chifukwa ndi pafupi. Foni idzatchaja bwino. Koma tsiku lomwe mlendo adzalumikizepo hita mwezi wa June, waya wa 1.5 uja adzatentha m'siling'i, pakati pa matabwa ouma ndi zisa za makoswe. Buleka imayenera kufanana ndi waya amene ikuteteza. Kuika buleka yaikulu kuti "isamagwegwe" kuli ngati kuchotsa mlonda chifukwa amakuwa usiku. Ndipo soketi yathu ija yonunkha jumbo, nthawi zambiri vuto limakhala kasikuluwu kamodzi kosamangitsa. Polumikizana pakakhala polekeza pamathetheka, pamatentha pang'onopang'ono, mpaka pulasitiki kupsa.

Bowo lachitatu, lapamwamba lija, ndi la earth, ndipo ndi limene limanyozeka kwambiri chifukwa chinthu chimagwira ntchito ngakhale palibe. Ntchito yake imaoneka tsiku limodzi lokha: tsiku lomwe waya wa m'kati mwa firiji kapena kuka wasupuka n'kukhudza chitsulo chakunja. Earth akakhalapo, moto umathawira pansi kudzera pandodo yomwe inakhomedwa m'nthaka kunja kwa nyumba, buleka n'kugwa. Akasowa, firiji yonse imasanduka layivi. Mayi akamati, "Mpopi wa kubafa ukumandigwira pang'ono," kapena "Mphika ukakhala pakuka ukumaluma," si nkhani yoseka kapena yovalira masilipasi. Zimitsani pa meni swichi, muitane mmisiri tsiku lomwelo.

Abale athu ochokera ku Joni amatibweretsera maketulo ndi mamaikulowevu a mapulagi a mano ozungulira, chifukwa ku South Africa masoketi awo ndi otero. Palinso matchaja a mano awiri. Ndiye timatenga kamtengo ka machesi kapena chivundikiro cha bolopeni, kutosa bowo lapamwamba kuti zitseko za m'kati zitseguke, n'kukakamiza pulagi ya mano awiriyo. Zitsekozo anaziikira ana okwawa, ndipo tikazithyola soketi imatsala pululu. Kudula pulagi yachilendoyo n'kumanga ya mano atatu yokhala ndi fyuzi n'kotchipa kuposa soketi yatsopano.

Chinanso, ndipo ichi n'chathuchathu: magetsi akazima si nthawi yokonza mawaya. Anthu amati, "Tipezerepo mwayi poti athima." A ESCOM akamabwezeretsa magetsi sagogoda pakhomo. Mmisiri wabwino amazimitsa pa meni swichi ngakhale dera lonse lili mumdima, amauza a m'nyumba kuti wina asakhudze bokosilo, kenako amayeza asanagwire.

Mukakhala pa lendi

M'matauni ambiri tikukhala m'nyumba za eni, ndipo mikangano ya masoketi imayambira pamenepa. Mawaya a m'khoma ndi mbali ya nyumba, choncho ndi a landilodi. Wochita lendi saloledwa kugumula khoma, kuwonjezera soketi kapena kukoka waya wa kuka popanda chilolezo cha mwini nyumba. Ndipo dziwani kuti chomwe mwamangirira kukhoma chimasanduka cha nyumbayo. Posamuka simungazule masoketi omwe munaika n'kusiya mabowo, pokhapokha ngati munagwirizana choncho poyamba.

Kumbali inayo, mawaya okalamba, soketi yopsa yokha, kapena nyumba yopanda earth si zinthu zoti wochita lendi azingopirira. Chofunika ndi kuyang'ana zomwe munapangana polowa, ndipo ngati munasainirana pepala, onani zomwe likunena za wokonza zowonongeka. Soketi yomwe ana anu aithyola posewera ndi yanu kukonza. Yomwe yapsa chifukwa waya wake ndi wochepa kapena wakale, nkhani yake ipite kwa landilodi. Auzeni mwaulemu koma polemba, ngakhale pa WhatsApp, ndi chithunzi chake: "Bambo, soketi ya pabalaza yapsa ndipo ikununkha. Tasiya kuigwiritsa ntchito. Tikupempha mutitumizire mmisiri wachilolezo." Uthenga wotere umaoneka wachabe lero, koma moto ukadzabuka ndi umene udzasonyeze kuti inu munanena, iwo anachedwa.

Nthawi zambiri landilodi amayankha kuti, "Konzetsani, tidzachotsera pa lendi." Zili bwino, koma mawu amenewa akhale olembedwa, mtengo ugwirizanidwe ntchito isanayambe, ndipo malisiti musunge. Kudzichotsera nokha pa lendi popanda mgwirizano kumakusandutsani wangongole. Ndipo ngati mwalowa m'nyumba n'kuona kuti mayunitsi sakutsika, kapena pa mita pali waya wachilendo, musakondwe kuti mwatola. A ESCOM akabwera amapeza inu, wogwiritsa ntchito magetsiwo. Uzani landilodi polemba, ndipo akapanda kuchitapo kanthu kanenani nokha ku ESCOM.

Pali nkhani ina yovuta kuikamba chifukwa imachokera pa chifundo. Oyandikana nawo alibe magetsi, mwana wawo akulemba mayeso a Fomu 4, akupempha kuti muwakokereko kawaya ka babu imodzi, azikupatsani kangachepe pamwezi. Mtima umafuna kuvomera. Koma magetsi omwe ESCOM inalumikiza ndi a malo omwe analembetsedwa, ndipo kuwakokera kunyumba ya wina kapena kuwagulitsa popanda chilolezo n'kulumikiza kosaloledwa. Mawaya otere amayenda pamwamba pa mpanda, pansi pa dothi losaya, kapena kudutsa pakanjira pomwe ana amasewera mvula ikagwa. M'madera othithikana monga Ndirande, Mbayani, Kawale kapena Mtandire, komwe denga la wina limagundana ndi la mnzake, moto wa nyumba imodzi sutha ndi nyumba imodzi. Wina akavulala kapena katundu wake akapsa chifukwa cha waya yemwe munakoka inu, akhoza kukusumirani kuti mulipire, ndipo pakatayika moyo apolisi amalowererapo. Mwanayo muitaneni adzawerengere pakhonde panu.

Kusitolo ndi pa mgwirizano

Mmisiri wabwino sangapulumutse ntchito ya zipangizo zachinyengo. Pamsika pali mawaya ooneka ngati kopa kunja koma m'kati ndi aluminiyamu kapena chitsulo chopakidwa utoto wa kopa. Palani pang'ono ndi mpeni: kopa weniweni ndi wofiirira mpaka m'kati, wachinyengo amayera. Maginito akamata wayayo, ndiye kuti ndi chitsulo. Palinso mawaya olembedwa 2.5 koma owonda ngati 1.5, ndi masoketi opepuka ngati chikho cha pulasitiki. Bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS ndi limene limayang'anira ubwino wa zinthu zotere, koma silingakhale pa shelefu iliyonse, ndiye pitani kogula ndi mmisiri wanu, ndipo musachoke opanda lisiti.

Lisiti ndi imene imakupatsani pakamwa. Malamulo oteteza ogula amakupatsani ufulu wobweza katundu wosagwira ntchito kapena wosiyana ndi zomwe munauzidwa. Chikwangwani chopachikidwa kukauntala chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichifafaniza ufulu umenewu, ndipo bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda, lakhala likuchenjeza eni masitolo za zikwangwani zotere. Wogulitsa akakana kukusinthirani, dandaulo lanu likhoza kupita kumeneko.

Ndi mmisiri, lembani pepala ngakhale la m'kope la mwana. Amisiri ambiri amawerengera mtengo pa poyinti, kutanthauza swichi, soketi kapena getsi lililonse, ndiye pepalalo linene kuti mapoyinti ndi angati, ali kuti, waya wake ndi wanji, wogula zipangizo ndani, ndipo akalakwitsa adzabwera kudzakonza mwaulere mpaka liti. Musalipire zonse ntchito isanayezedwe. Mapaipi a mawaya asanakwiriridwe ndi pulasitala, jambulani makoma onse. Waya amayenera kuyenda molunjika, kukwera kapena kutsika kuchokera paswichi ndi pasoketi, osati mopingasa khoma kuti asunge mamita awiri. Zithunzizo zidzakuthandizani tsiku lomwe mukufuna kukhoma msomali wa kalendala. Pomaliza mmisiri ayeze pamaso panu: ngati swichi iliyonse ikudula layivi, ngati earth akufika pasoketi iliyonse, ngati mawaya sakudontha moto. Akupatseni pepala losainidwa, lokhala ndi nambala ya chilolezo chake. Pa nyumba yatsopano mapepala amenewa ndi amene ESCOM imafuna isanalumikize. Pa nyumba yakale ndi umboni wanu kwa a inshuwalansi kapena kwa wodzagula nyumbayo.

Abale omwe muli kunja n'kumatumiza ndalama zomangira kumudzi, izi si zachilendo kwa inu. Ku South Africa nyumba sigulitsidwa popanda satifiketi yotsimikiza kuti mawaya ake ali bwino. Musalole kuti kwanu kuno m'bale wanu angokutumizirani chithunzi cha babu yoyaka. Muuzeni atumizenso chithunzi cha chilolezo cha amene anamanga.

Ngati mukufuna kuwonjezera zinthu zolemera monga makina owotcherera zitsulo, chigayo kapena uvuni wa buledi, pamenepo si nkhani ya soketi chabe. Kauzeni a ESCOM kaye, chifukwa waya ndi mita zomwe anakupatsani anayeza molingana ndi nyumba yogona. Chimodzimodzi jenereta kapena sola yokhala ndi invata. Kuilumikiza kumawaya a nyumba kumafuna swichi yosinthira, yomwe imadula mbali ya ESCOM isanalowetse mbali yanu. Kungolowetsa jenereta kudzera pasoketi, ndi chingwe cha mapulagi mbali zonse ziwiri, kumabweza moto kupita papholo, pomwe mwina pali munthu wa ESCOM akugwira waya yemwe akudziwa kuti ndi wozima.

Zikavuta mupite kuti?

Zimatengera yemwe walakwa. Ngati mmisiri wachilolezo wagwira ntchito yoipa ndipo akukana kubwerera, kadandauleni ku MERA, mutatenga pepala la mgwirizano, malisiti, zithunzi ndi nambala ya chilolezo chake. Amene anapereka chilolezo ali ndi mphamvu pa chilolezocho. Ndalama zanu mukhoza kuzifuna kudzera kukhoti la majisitireti, ndipo pa milandu ing'onoing'ono munthu amatha kudziyankhulira yekha popanda loya. Amene munalemba wopanda chilolezo mukhoza kumusumirabe, koma konzekerani kufunsidwa chifukwa chomwe munamulembera.

Ngati vuto lachokera mbali ya ESCOM, monga magetsi kubwera ndi mphamvu yopyola muyeso n'kutentha firiji ndi wailesi yakanema, musathamangire kutaya kapena kukonzetsa zinthuzo. Lembani tsiku ndi nthawi, jambulani, funsani oyandikana nawo ngati nawonso zawachitikira, kanenani ku ofesi ya ESCOM mwachangu, ndipo mutenge nambala ya dandaulo lanu. Mukapanda kukhutira ndi yankho lawo, khomo lotsatira ndi MERA, yomwe imamva madandaulo a ogwiritsa ntchito magetsi. Apa m'pamene mapepala a mmisiri wanu amagwira ntchito, chifukwa ofufuza amayang'ananso mawaya a m'nyumba mwanu kuti aone ngati vuto silinayambire momwemo.

Munthu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja. Zimitsani pa meni swichi, kapena mukankheni ndi mtengo wouma mutaponda pouma, kenako mupite naye kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, pakuti magetsi amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amawotcha m'kati mosaoneka. Moto wa mawaya sauthira madzi magetsi asanazimitsidwe. Aliyense wa m'nyumba, ngakhale wantchito ndi ana okulirapo, adziwe pomwe pali meni swichi, ndipo pasakhale kabati kutsogolo kwake.

Mukafika pabokosi la mabulekalo, yang'anani ngati pali buleka yokulirapo yokhala ndi kabatani kolembedwa T kapena Test. Imeneyo ndi earth leakage, yomwe imadula magetsi moto wochepa chabe, wokwana ma milliamp 30, ukayamba kudutsa kolakwika, kuphatikizapo m'thupi la munthu. Nyumba zambiri zakale zilibe, ndipo ngati mukuitana mmisiri kudzasintha masoketi, mufunseni mtengo woikira imeneyi pa ulendo womwewo. Ngati ilipo, zimitsani kompyuta ndi wailesi yakanema, dinani kabataniko kamodzi pa miyezi ingapo. Iyenera kugwa nthawi yomweyo, phaa, nyumba yonse zii. Mukadina koma osagwa, ndiye kuti yafa ili chiimire, ndipo iyenera kusinthidwa sabata yomweyo.